Bodza Lili M'chitsulo Kapena Pakamwa?

Funso limene ndakutengerani mwezi uno linachokera kwa mnzanu wina wa kuno ku Livingstone. Tsiku lina pa Sondo, msonkhano wa achinyamata utatha ndipo anzake onse atathamangira ku bola, iye anatsalira. Anayamba kulankhula zozungulira monga achitira munthu amene ali ndi kanthu kukhosi, ndipo potsiriza anati, "Aphunzitsi, kodi kukometsa malonda ndi tchimo?"

Nkhani yake inali yotere. Iye amathandiza amalume ake kugulitsa ziboliboli kwa alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo popeza Chingerezi amachitha bwino, ndiye pakamwa pa malondawo. Agogo ake aamuna atamwalira kumudzi, amalume anabwerako ndi mfuti yakale, ija timati gogodela, yothira wonga kukamwa ndi kutsendera ndi kamtengo. Pambali pake, pa kachitsulo kamene kali pafupi ndi pokokera chala, panali chithunzi cha chisoti chachifumu ndi mawu akuti TOWER. Tsono panapezeka mzungu wina, mwini malo ogona alendo, amene anali kufuna chinthu chakale choti apachike pakhoma. Amalume anati kwa mnyamatayo, "Mphwanga, ukamuuze kuti mfuti iyi inali m'manja mwa msilikali amene analonda mlatho pa nkhondo ya 1914. Ukatero mtengo ukwera, ndipo ndalama yako ya kukoleji ituluka momwemo."

Musafulumire kuwaweruza amalumewo. Ndi munthu amene alera ana a mlongo wake ndi mpeni wosemera. Ndipo musafulumirenso kunena kuti nkhaniyi sikukhudzani chifukwa kwanu kulibe mfuti. Aliyense wa inu amene anagulitsako foni yakale, nsapato za salaula kapena nkhuku yoyamba kuodzera, anaimapo pamalo pamene mnyamatayu anaima.

Chitsulo chimalankhula

Tiyambe taifunsa mfutiyo, pakuti mfuti ya asilikali sikhala duu. Boma lililonse limadinda zizindikiro pa zida zake, ndipo wodziwa kuziwerenga amaziwerenga monga inu muwerengera chitupa.

Mbali ina ya nkhani ya amalume ndi yoona. Mlatho wa pa Zambezi unatha kumangidwa m'chaka cha 1905, ndipo kuyambira 1911 kufikira 1935 Livingstone ndiye anali likulu la Northern Rhodesia. Nkhondo itayamba mu 1914, Majeremani sanali kutali konse. Anali ndi kampanda kawo ku Schuckmannsburg, kumtunda kwa mtsinje womwewu, kutsidya kwa Mwandi, malo amene lero atchedwa Luhonono m'dziko la Namibia. Mu September chaka chomwecho apolisi a Northern Rhodesia pamodzi ndi anzawo a ku Southern Rhodesia anakalanda malowo popanda kuwombana. Mlathowo unalondedwadi. Bodza labwino limakhala lotero, limatsamira pa mtengo weniweni.

Koma msilikali wa 1914 sakananyamula gogodela. Asilikali a Britain anali atasiya kalekale mfuti zothira wonga kukamwa. Mu 1866 anayamba kuzisintha kukhala za mtundu wa Snider, zolowetsa chipolopolo cha kumbuyo. Mu 1871 anatenga Martini-Henry, ija ya chipolopolo chimodzi, yokhala ndi chogwirira pansi chimene ukachikokera pansi khomo la chipolopolo limatseguka. Imeneyi ndiyo inali m'manja mwa Angerezi pamene Azulu anawagonjetsa pa Isandlwana mu January 1879. Pofika 1895 inabwera Lee-Enfield, yonyamula zipolopolo khumi, imene akuluakulu amangoitcha 303, ndipo agogo athu a Northern Rhodesia Regiment anapita nayo mpaka ku Burma pa nkhondo yachiwiri. Chotero munthu wodziwa akanangoona kukamwa kwa mfuti ya amalume, nkhani yonse ikanagwa asanafike n'komwe pa zilembo.

Nanga zilembozo amaziwerenga bwanji? Pa Martini-Henry yeniyeni, kudzanja lamanja la chitsulo chapakati, pamakhala chisoti chachifumu, pansi pake zilembo V.R. zoimira Mfumukazi Victoria, kenaka dzina la kumene inapangidwa, monga ENFIELD kapena B.S.A. ya ku Birmingham, ndi chaka. Pamakhalanso kachizindikiro konga phazi la nkhuku, kamene kwenikweni ndi mutu wa muvi, kotanthauza kuti ichi ndi chuma cha boma. Mfuti ikagulitsidwa mwalamulo kuchoka m'manja mwa asilikali ankadindapo timivi tiwiri toyang'anana. Victoria anamwalira mu January 1901. Pambuyo pake zilembo zinakhala E.R. za Edward, ndipo kuyambira 1910 zinakhala G.R. za George. Ndiye mukaona V.R. pamwamba pa chaka cha 1915, dziwani kuti wina anaukitsa mfumukazi kumanda kuti idzasaine. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amisiri a ku Darra

Kodi alipo amene amalakwitsa motero? Alipo, ndipo ndi amisiri oopsa. M'mapiri a pakati pa Pakistan ndi Afghanistan, cha kumwera kwa mzinda wa Peshawar, kuli kamzinda kotchedwa Darra Adam Khel. Kwa zaka zoposa zana anthu a kumeneko akhala akusula mfuti pamanja, bambo kuphunzitsa mwana, ndi tupa, nyundo ndi timakina tochepa. Ukawapatsa mfuti imodzi amaimasula, nayesa kachidutswa kalikonse, nakupangira inzake. Chitsulo chake ankachitenga paliponse pamene chapezeka: njanji zakale, zotsala za galimoto. Osonkhanitsa mfuti zakale amazitcha ndi dzina la mpata wa Khyber umene uli chapafupi.

Amisiriwa ankajambula zonse, ndi zilembo zomwe. Koma ambiri a iwo sankawerenga Chingerezi, ndipo kwa iwo chilembo chinali ngati maluwa a pa chitenje. Ndicho chifukwa chake pa mfuti zawo zambiri N wa m'mawu akuti ENFIELD amapezeka atatembenuka, zilembo zina zitasowa, mizere itapendekera, ndipo V.R. ali pamodzi ndi zaka zimene mfumukazi inali itagona kale. Wodziwa akamasula mfutiyo amapeza mikwasa ya tupa m'kati, ndipo kachidutswa ka mfuti ina sikalowa mu inzake, pamene za ku fakitale zimasinthana bwinobwino.

Tsono imani pano, muganize nane. Kodi mmisiri wa ku Darra ndi wabodza?

Ine ndiona kuti pamene anali kugulitsa kwa mnansi wake wa phiri lomwelo, panalibe wonamizidwa. Wogulayo anamuona akusula, anadziwa kuti si ya ku England, ndipo analipira mtengo wotsika woyenera. Chisoti chodindidwacho chinali chokongoletsa chabe. Koma chitapita chaka cha 2001, asilikali a maiko akunja atadzaza mu Afghanistan, mfuti zomwezo zinayamba kuyalidwa m'misika monga zotsala za nkhondo zakale za Angerezi. Anyamata a ku America anazigula monga chikumbutso, napita nazo kwawo, ena nadzazindikira pambuyo pake kuti "mfuti ya zaka zana" inali yaing'ono kwa iwo eni. Chitsulo sichinasinthe. Chimene chinasintha ndi chimene wogula anali kukhulupirira, ndi kuti wogulitsa anadziwa zimenezo, nakondwera nazo.

Apa mpamene ndinayambira kumuyankha mnyamata uja. Kutsanzira si kuba ayi. Tonse tinaphunzira potsanzira: mwana wamkazi kuumba mbiya poyang'ana amake, telala kudula suti poyang'ana ina, woimba kwaya potsata mawu a wamkulu. Munthu amene angathe kuyang'ana makina a ku Enfield n'kuwabwereza ndi tupa ayenera kuvulidwa chipewa. Bodza limalowa pamene uika m'mutu mwa mnzako chinthu chimene iwe udziwa kuti si choona, kuti atulutse m'thumba chimene sakanatulutsa. Ungathe kuchita zimenezi ndi pakamwa. Ungathenso kuzichita ndi chidindo, ndi polishi wa nsapato, ndi utsi, kapena pokwirira chosema chadzulo m'dothi kuti chioneke cha makolo. Ungathe kuzichitanso pongokhala chete. Kumbukirani Yakobo pamaso pa Isaki atate wake okalamba ndi osaona: zikopa za mbuzi za pamikono yake zinanama pamodzi ndi lilime lake.

Chidindo ndi lonjezo

Wina mwa inu anena kuti, "Aphunzitsi, nanga wapweteka ndani? Mzunguyo ali ndi ndalama. Akapachika mfutiyo, akondwa, alendo ake ajambula zithunzi. Ife tadya. Vuto lili pati?"

Funso limeneli ndi lamphamvu, ndipo sindilipeputsa. Koma pa mfuti pali chidindo china chimene sindinachitchule, ndipo chimenechi chitiphunzitsa kuti chidindo n'chiyani. Ku Birmingham, mu 1813, anakhazikitsa mwalamulo nyumba yoyesera mfuti. Paipi ya mfuti iliyonse ankaithira wonga wochuluka kuposa umene mwini wake adzathire, naiwombetsa m'chipinda chotsekedwa, anthu ali kunja. Ikaphulika, yatayika. Ikapirira, ankaidinda. Kachizindikiro kameneko n'kakang'ono kuposa njere ya mapira, koma tanthauzo lake ndi lakuti: ika tsaya lako pano, sufa. Tsono wojambula chizindikiro chimenecho pa paipi yosayesedwa walonjeza moyo wa munthu amene sadzamuona. N'chifukwa chake akatswiri amachenjeza kuti mfuti za ku Darra asaziwombe ndi zipolopolo zamakono, pakuti chitsulo chake kawirikawiri n'chofewa. Ndipo kumidzi kwathu, kumene gogodela zina zimasulidwa ndi mapaipi wamba, akuluakulu adziwa anthu amene anatsala ndi zala zitatu.

Inde, mfuti ya pakhoma siwombedwa. Koma mwini khoma amafa, katundu amagawidwa, mwana amapeza wonga. Ndipo ngakhale isadzawombedwe konse, nkhani yabodza ija idzawombabe. Mwini malo ogona adzaiuza alendo ake, wina adzailemba pa intaneti, mwana wa sukulu adzaikopera, ndipo patapita zaka makumi awiri adzatiuza ife eni dziko kuti agogo athu analonda mlatho ndi gogodela. Tidzakhala titagulitsa mbiri yathu pamodzi ndi chitsulo, ndi kuigulanso yovunda.

Palinso ena amene amalipira bodza lathu osadziwa. Mlendo akazindikira kuti ananamizidwa, sanena kuti mnyamata uja anandinamiza. Amati anthu a ku Livingstone ndi akathyali. Mawa lake amafika pa benchi la mmisiri woona mtima, amene wakhala milungu itatu pa mvuu imodzi ya mtengo wa mukwa, namuuza mtengo wonyoza, chifukwa tsopano sakhulupiriranso aliyense.

Anayamba ndi iwo

Kutsutsa kwachiwiri n'kowawa kwambiri, ndipo amalume aja anakunena okha pamene ndinakacheza nawo. Anati, "Aphunzitsi, inu mwaphunzira. Kodi azunguwa sanatigulitse zinyalala kwa zaka mazana? Lero ife tikabwezako pang'ono mwati tchimo?"

Sananame. Mawu aja akuti TOWER poyamba ankaimira nyumba ya zida za mfumu ya ku London. Koma amalonda a ku Birmingham ndi a ku Liège m'dziko la Belgium anaona kuti ogula a mu Africa amawakhulupirira mawuwo, ndipo anayamba kuwadinda pa mfuti zotchipa zimene sizinapondeko ku nyumba imeneyo. Zina zinali zotchuka ndi kuphulika. Pamsonkhano wa ku Brussels mu 1890 maiko a ku Ulaya anapangana kuti m'chigawo chachikulu cha Africa asagulitse mfuti zamakono kwa eni dziko, koma zachikale zokha. Patapita zaka zisanu ndi zitatu, mu 1898, Angoni a Mpezeni anakumana ndi mfuti za Maxim, ndipo Nsingu mwana wa mfumu anaphedwa. Amene anali ndi zenizeni anazisunga, ife natitayira zotsanzira. Chotero mwina ngakhale kachitsulo ka TOWER ka pa mfuti ya amalume kanali kale bodza pamene kanatsika m'chombo.

Koma tamverani nkhani iyi, imene inachitika kumtunda kwa mtsinje wathu womwewu. David Livingstone, m'buku lake la maulendo la 1857, anasimba kuti cha mu 1850 amalonda otchedwa Mambari, ochokera ku Angola, anafika kwa Sebitwane mfumu ya Makololo ndi mfuti zakale za Chipwitikizi. Pa mfutizo panali podindidwa mawu akuti Legitimo de Braga, ndiko kunena kuti zenizeni za ku mzinda wa Braga. Sebitwane anazifuna chifukwa choopa Matebele. Anati apereke ng'ombe kapena minyanga, koma amalondawo anakana zonse. Iwo anafuna anyamata a zaka ngati 14. Mfuti zisanu ndi zitatu zinasinthidwa ndi anyamata asanu ndi atatu, ana ogwidwa kwa mitundu yogonjetsedwa.

Zaka 14. Ena a inu amene muwerenga tsamba lino ndi msinkhu womwewo. Mfuti inali ndi dzina, inali ndi mzinda wa kwawo, inali ndi chidindo chonena kuti ndi yeniyeni. Anyamatawo maina awo sanalembedwe paliponse. Ndipo pambuyo pake mafakitale a ku Liège anapanga mfuti zambirimbiri zodindidwa dzina lomwelo la Braga, ndi mawu omwewo akuti yeniyeni, kuti azigulitse ku Angola.

Ine nkhani imeneyi imandiuza zinthu ziwiri zimene sizigonerana bwino, ndipo ndizisiya zonse m'manja mwanu. Choyamba, malonda amene munthu amaona mnzake ngati chitsiru chodyerapo tinawalawa kale, ndipo tidziwa kumene anatifikitsa. Wochita chimodzimodzi lero sakubwezera Mambari kapena amalonda a ku Liège, pakuti iwo anafa kale. Akungolowa m'malo mwawo pa benchi lomwelo. Mlendo amene waima patsogolo pako, mwina mphunzitsi wopuma amene anasunga ndalama zaka khumi kuti adzaone mathithi, sanagulitseko mfuti kwa agogo ako.

Chachiwiri ndi ichi: chenicheni sindicho chabwino nthawi zonse. Tamayesani kufunsa chifukwa chake Martini-Henry yeniyeni imadula kuposa yotsanzira. Si chifukwa cha chitsulo chokha. Wogula amalipira poganiza kuti mfuti iyi inalipo, inatentha m'manja mwa msilikali, mwina inagwetsa munthu. Munthu wogwetsedwayo kawirikawiri anali wakuda. Pamene amalume anafuna kuwonjezera nkhondo pa mfuti ya agogo, anali kuipaka magazi kuti ikome. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindinena kuti kusunga zida zakale n'kulakwa. Nyumba yathu yosungiramo zakale ya Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, ndi Moto Moto ya ku Mbala, kumene mkulu wa asilikali a Germany von Lettow-Vorbeck anakagonjera pa 25 November 1918, zimasunga zinthu kuti tikumbukire. Koma kukumbukira ndi kwina, kukometsera khoma la pomwera mowa ndi kwinanso.

Malire ake ali pati?

Tibwerere ku funso la mnyamata uja, lakuti kukometsa malonda ndi tchimo kodi. Ine ndinati ai. Pukuta katundu wako, muyale bwino, tchula zabwino zake, yamba ndi mtengo wokwera pakuti wogula nayenso ayamba ndi wotsika. Pokambirana mtengo nonse awiri mudziwa masewera amene mukusewera, monga anthu awiri pa nsolo. Palibe amene amapita kwawo akukhulupirira kuti "mtengo womaliza" woyamba unalidi womaliza. Koma wogula akafunsa kuti chinthu ichi n'chiyani, anachipanga ndani, liti, pamenepo masewera atha. Iye alibe njira ina yodziwira koma iwe. Waika maso ake m'manja mwako.

Nayi njira imene ine ndimadziyesera nayo, ndipo si yanzeru zakuya. Ndimadzifunsa kuti, wogulayu akanamva zonse zimene ine ndidziwa, kodi akanagulabe pa mtengo uwu? Ngati yankho ndi inde, palibe chobisa, ndinene. Ngati yankho ndi ai, ndiye kuti ndalama yapamwambayo sindikuilandira chifukwa cha katundu, koma chifukwa cha umbuli wake, ndipo umbuliwo ndaulima ndine.

Ndivomere kuti pali malo ena pamene ine ndemwe ndimakayika. Mnyamata wogulitsa ndalama zakale za Zimbabwe, zija za 100 trillion, kodi ayenera kuuza mlendo aliyense kuti ku banki sizigwiranso ntchito, ngakhale mlendoyo sanafunse? Mmisiri wosema chigoba cha Makishi chogulitsa, chimene sichinavinidwepo, kodi alembepo chikwangwani? Mwina pamene aliyense adziwa, kunena sikufunika. Koma taonani kuti mtima umathamangira msanga kunena kuti "aliyense adziwa" pamene m'thumba muli njala. Zimenezi kakambiraneni m'magulu mwanu, ndipo musalole kuti wolankhula kwambiri ndiye apambane.

Pali ndi mbali ya lamulo, imene amalume anali asanaiganizire n'komwe. M'Zambia mfuti ndi mfuti, ingakhale ya dzimbiri: lamulo la mfuti, Chapter 110, lifuna chilolezo kuti munthu aisunge kapena kuigulitsa. Ndiponso lamulo la 1989 limene linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission linaika chaka cha 1924 monga malire, kuti chinthu cha mbiri chopangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito m'dziko muno chisanafike chaka chimenecho chisatuluke popanda chilolezo. Onani msampha wake: nkhani ya 1914 ikanakhala yoona, ikanawonjezera mlandu. Ndipo ndikupemphani, mukapeza gogodela kudenga kwa agogo, musaiseweretse kapena kusuzumira kukamwa kwake. Zambiri zinapachikidwa zili zothira kale, ndipo wonga wouma sukalamba. Itanani akuluakulu.

Dzina limene panalibe

Chimene chinandikhudza koposa m'nkhani yonseyi ndi china. Titaiyang'anitsitsa mfutiyo, pamodzi ndi mkulu wina wa mumpingo amene anapuma usilikali, tinapeza kuti cha ku Ulaya pa mfuti yonseyo chinali kachitsulo kaja ka TOWER basi. Thako lake linali la mtengo wa kuno, losemedwa ndi kasemasema, mikwasa yake ikuoneka. Malamba ogwira paipi anali a mkuwa wosulidwa pamanja. Kachitsulo kobweza kam'kati kanali kosulidwa mwatsopano, ndipo mkulu uja anati sikanali kolakwika ngakhale pang'ono. Mfuti imeneyi inafa kangapo, ndipo wina anali kuiukitsa.

Zimenezi si zachilendo. Wolemba mbiri Giacomo Macola, m'buku lake la 2016 lonena za mfuti m'chigawo chino cha Africa, anaonetsa kuti mitundu yathu inalandira mfuti mosiyanasiyana. Angoni a Mpezeni anaipeputsa, nakonda nthungo ndi chishango, pamene anthu a kumpoto chakumadzulo monga Aluvale anaiyesa yawoyawo, naphunzira kuikonza okha. Amisiri otere analipo m'midzi yambiri, anthu a mvukuto ndi chipala, osapita kusukulu, amene anatha kumvetsa makina a mzungu pongowayang'ana.

Nanga n'chifukwa ninji ife timaganiza kuti ntchito ya manja athu ilibe mtengo kufikira itavala dzina la mwini wina? Telala wa pa Maramba amasoka malaya abwino, koma kuti agulidwe amasokerapo kansalu ka dzina la ku Italy. Kalipentala amati mipando yake yachokera ku South Africa. Wonamizidwa woyamba pamenepo si wogula ayi. Ndi mmisiri mwini wake, amene wavomera mumtima kuti dzina lake n'lopanda pake, ndipo ana ake adzakula akudziwa kuti cha kwathu chimagulidwa pokhapokha chitabisala. Amisiri a ku Darra akhala ndi luso loposa kwa mibadwo inayi kapena isanu, koma dziko lonse liwadziwa ndi N wotembenuka.

Ndinamuuza mnyamatayo kuti asakangane ndi amalume ake pamaso pa anthu, pakuti ndi amene amamudyetsa, koma awauze mwaulemu ali awiri kuti china chilichonse adzawanenera kwa mzunguyo, koma za 1914 sadzatha. Anachita zimenezo. Amalume anakhala masiku angapo osamulankhula, ndipo kumsika anatenga mwana wa mnansi kuti aziwamasulira. Mzungu uja anapeza nyanga za njati kwina, napachika zimenezo. Ndalama ya kukoleji sinapezeke chaka chimenecho, ndipo pamene ndilemba pano mnyamatayo akugwira ganyu pa malo otsukira galimoto, akusunga pang'onopang'ono. Sindingakunamizeni kuti zinamuyendera bwino msanga.

Pa tchuthi anapita kumudzi, nakafunsa agogo ake aakazi za mfutiyo. Iwo anaseka, nati sinapiteko ku nkhondo iliyonse. Apongozi awo anaigula ndi ng'ombe yaikazi imodzi, ndipo ntchito yake inali kuopsa njovu ndi nguluwe m'munda wa mapira. Chaka china cha njala inadyetsa mudzi wonse nyama ya mvuu. Itathyoka, anapita nayo kwa wosula makasu wa tsidya la dambo, munthu wopunduka mwendo, amene anaisunga mwezi wathunthu nalipidwa mbuzi. Agogowo anatchula dzina lake mosakayika, ngati anamuona dzulo. M'banja lonse panalibe wina amene analidziwa.

Mnyamatayo analemba dzinalo pa kapepala, pamodzi ndi mudzi ndi zonse zimene agogo ananena, napinda, nabwera nako ku tauni. Amalume anawerenga, nakhala chete nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati agogo anatchulanso mtundu wa ng'ombeyo. Za kupita nayo ku polisi kuti akalembetse, kapena kukaionetsa kwa a ku Museum, akuti adzaganiza mvula ikatha. Kapepalako anakamangirira ndi ulusi pa mfutiyo, pafupi ndi chisoti cha mfumu.